Kuya kooneka ndi kuya kwenikweni: mmene mungayezere kunyumba popanda labotale

Mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso a sukulu kuno ku Zimbabwe, akamayandikira, funso ili limandipeza ngakhale ndibisale. Makolo a kutchalitchi kwathu, achibale a ku Mufakose ndi ku Mabvuku mu Harare muno, ngakhale ana eniake a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene ndimawathandiza sayansi madzulo, onse nyimbo ndi imodzi: "Aphunzitsi, za apparent depth zija mwana akuti sizikulowa, buku likungopereka fomula basi." Kujambula ndowa ndi chala pa WhatsApp kwandikwana. Ndalemba pano kamodzi, wina akadzafunsanso ndidzangomulozera kuno.

Fomula si vuto. Kuya kwenikweni mukakugawa ndi kuya kooneka, mumapeza nambala yotchedwa refractive index, imene amailemba ndi chilembo n. Mwana aliyense amaloweza zimenezi madzulo amodzi. Povuta ndi pamene buku limati "pezani pomwe pali chithunzi cha singano" n'kupitirira, ngati kuti n'chinthu chongotola. Singanoyo imakhala pansi pa madzi, ndipo chithunzi chake ndi pomwe diso likuiona. Chithunzicho simungachigwire. Mukati muviike rula m'madzi kuti muchiyeze, rulayo nayonso imaoneka yofupika mofanana, ndiye singano imakhalabe pa nambala yake yeniyeni ndipo simunayeze kanthu. Apa ndi pomwe ana ambiri amangokopera yankho la mnzawo, ndipo ndi pomwe ine ndikhalitsepo.

Mawu a Chingerezi angapo ndawasiya dala chifukwa pepala la mayeso lidzabwera nawo choncho. Refraction ndi kupinda kwa kuwala pamene kukuchoka mu chinthu china kulowa mu china, monga kuchoka m'madzi kulowa mumpweya. Normal ndi mzere wongoganizira umene umaima chilili pamwamba pa madzi kapena pa galasi, pamalo pomwe kuwala kukudutsira, ndipo ngodya zonse zimayezedwa kuchokera pa mzere umenewu osati kuchokera pamadzi. Real depth ndi kuya kwenikweni, apparent depth ndi kuya kumene diso likuona. La parallax ndilifotokoza tikafika pa malo ake.

Chimene chikuchitika m'madzimo

Kuwala kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi mumpweya. M'madzi liwirolo limatsika kufika cha m'ma 225,000, ndipo m'galasi cha m'ma 200,000. Gawani 300,000 ndi 225,000, mupeza 1.33. Gawani ndi 200,000, mupeza 1.5. Ndiye n wa madzi ndi n wa galasi ameneyo: akungokuuzani kuti kuwala kwachepa liwiro kangati.

Nanga kuchepa liwiro kukugwirizana bwanji ndi kupinda? Taganizirani ngolo zokankha zija za ku msika wa Mbare Musika. Ngolo ikachoka patala kulowa mumchenga mopendekera, tayala limodzi limayamba kutitimira linzake likadali patala, ndipo ngoloyo imakhota yokha kulowera mbali ya tayala lomwe latitimira. Ikalowa molunjika, matayala onse awiri nthawi imodzi, imangochepa liwiro koma siikhota. Kuwala nakonso kukalowa m'madzi mopendekera kumapindira ku normal, kukamatuluka kumapindira kutali ndi normal, ndipo kukadutsa motsata normal yeniyeniyo sikupinda.

Tsono singano ili pansi pa madzi. Mizere ya kuwala ikuchoka pa singanoyo, ikukwera, ndipo pofika pamwamba ikupindira kunja. Diso silidziwa kuti panjira panali kupinda. Limangotsata mizere ija mobwerera m'mbuyo ngati kuti inabwera yowongoka, ndipo pomwe yakumanirana ndi pamwamba pa singano yeniyeni. Pamenepo ndi pomwe timaona singano.

Lamulo la ngodya zake, loti n ndi sin i kugawa ndi sin r (i ndi ngodya ya kuwala mumpweya, r ndi ngodya yake m'madzi kapena m'galasi), limadziwika ndi dzina la Willebrord Snell wa ku Leiden, amene analipeza mu 1621. Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale cha mu 984, koma dzina linapita kwa wina. Pa mayeso sakufunsani mbiri imeneyi.

Zoti musonkhanitse

Chigubu choonekera mkati cha malita asanu, chija chogulitsiramo madzi akumwa, chokhala ndi mbali zowongoka. Singano ziwiri zazitali, zosokera matumba zija ndiye zabwino, kapena tizidutswa tiwiri ta sipoko ya njinga. Rula ya masentimita 30. Pegi ya zovala. Prestik pang'ono, chomatira mapepala pakhoma chija. Chivindikiro choyera cha botolo la chiponde. Kapu yachitsulo kapena yadothi yosaonekera mkati, ndi kandalama kachitsulo. Ma bond coin aja, tindalama tachitsulo takale ta ku Zimbabwe tongokhala m'madirowa, apeza ntchito lero.

Ndowa isiyeni. Ndowa imakula kukamwa n'kuchepa kunsi, ndiye singano yakunja imabisika pansi pa mkombero mukamayang'ana kuchokera pamwamba. Botolo la malita awiri la zakumwa nalonso ndi losautsa: pansi pake pali mabampu ndipo ndi lopapatiza.

Madzi akhale oyera mbee. A pampopi akabwera ali mbuu, asiyeni adikhe usiku wonse n'kutsanula apamwamba okha, apo ayi katungeni a pa borehole. Chitani masana pafupi ndi windo. Tochi ya foni imanyezimira pamadzi n'kukuphimbirani singano, ndiye magetsi akazima madzulo ingodikirani kuche.

1. Muonetseni kaye mwana kuti nkhaniyi ndi yoona

Ikani kandalama pansi pa kapu yopanda madzi. Mwana abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mkombero wa kapu utangobisa kandalamako, ndipo aime pomwepo osasuntha mutu. Inu thirani madzi mofatsa, motsata m'mbali mwa kapu kuti kandalama kasasunthe. Madzi akamakwera, kandalama kamatulukira. Palibe wakakhudza. Mwana amene waona izi ndi maso ake savutanso kumva kuti pansi pamaoneka ngati pakwera.

2. Konzani chigubu

Dulani chigubu pomwe mapewa ake akuyambira kuti mutsale ndi mbali zowongoka zokha. Dulani mosalala, mpeni agwire wamkulu. Chotsani pepala la kampani. Chiikeni patebulo lafulati kapena pasimenti. Pansi ndiye pabwino kwambiri, chifukwa mufunika kuyang'ana kuchokera pamwamba ndithu, ndipo patebulo mwana wamfupi amayamba kusuzumira chammbali.

3. Goneketsani singano yoyamba

Pansi pa zigubu zambiri pamakhala potukuka pakati. Ikanipo chivindikiro choyera chija chozondotsa kuti chikhale ngati kathebulo, muchimate ndi Prestik kuti chisayandame, kenako mumate singano pamwamba pake. Singano igone fulati, nsonga yake iloze khoma la chigubu molunjika mpaka kulikhudza. Thirani madzi mpaka atatsala pang'ono kudzaza. Dikirani akhale bata, ndipo tithovu tikamatirira pa singano tichotseni ndi kamtengo.

4. Yezani kuya kwenikweni, muli kunja

Imikani rula kunja kwa chigubu, yotsamira khoma, pambali penipeni pa pomwe nsonga ya singano yakhudza. Imateni ndi Prestik kuti isagwedezeke mpaka mutamaliza.

Gwadani kuti diso lifanane msinkhu ndi singano, muwerenge nambala. Kwezani diso lifanane ndi pamwamba pa madzi, muwerengenso. M'mbali mwa khoma madzi amakwera pang'ono ngati akukwawa, ndiye werengani kunsi kwa kupindikako, pomwe madzi ali fulati. Tinene kuti singano ili pa 1.0 ndipo madzi ali pa 25.0. Kuya kwenikweni ndi 25.0 kuchotsa 1.0, masentimita 24.0.

Marula ambiri ali ndi kampata kopanda manambala kumapeto, 0 asanayambe. Mukamachotsera nambala ina pa inzake monga tachitiramu, kampatako sikasokoneza kanthu. Koma mwana akangowerenga nambala ya pamwamba yokha n'kuti ndiko kuya, walakwa kale ndi theka la sentimita kapena kuposa.

5. Phunzirani parallax ndi zala zanu

Musadumphe apa. Tsinzinani diso limodzi. Imikani chala cha dzanja lamanja patali, mkono wotambasula, ndipo cha dzanja lamanzere pafupi ndi nkhope, zonse pamzere umodzi. Zala zisasunthe. Sunthani mutu kupita kumanja. Muona chala chakutali chikutulukira kumanja, ngati chikukutsatirani, pomwe chapafupi chikuthawira kumanzere. Bwezani mutu kumanzere, zisinthana. Kusiyana kumeneku kwa zinthu ziwiri zomwe zili pa mitunda yosiyana ndiye parallax.

Tsopano yandikizani zalazo pang'onopang'ono uku mukusunthabe mutu. Kusiyana kuja kumachepa. Zala zikakhala pa mtunda umodzi kuchokera ku diso, zimayendera limodzi, ndipo mayeso amati pali no parallax.

Lowezani ichi: chakutali chimatsata mutu, chapafupi chimathawa mutu. Ndicho chidzakuuzeni koloza pegi.

6. Sakani chithunzi cha singano

Pano ndiye pagona nkhani. Panani singano yachiwiri ndi pegi pa rula ija, igone fulati kunja kwa chigubu, nsonga yake ikhudze khoma. Mukayang'ana kuchokera pamwamba, singano yamkati ndi yakunja zioneke ngati mzere umodzi wodulidwa ndi khoma la chigubu. Yamkati mukuionera m'madzi, yakunja mukuionera mumpweya wokha. Onetsetsani kuti yakunjayo simukuionera kudzera m'khoma ndi m'madzi, chifukwa ikatero nayonso yakwera ndipo palibe chomwe mukuyerekeza.

Imirirani, diso limodzi lotsinzina, linalo likhale pamwamba penipeni pa khoma, pafupifupi theka la mita kuchokera pamadzi. Yambani pegi ili pansi, singano zonse zili pa msinkhu umodzi. Sunthani mutu uku ndi uku motsata khoma la chigubu, kutanthauza modutsa singanozo, osati motsata utali wake. Mukasuntha motsata utali, zimangotsetsereka pamzere womwewo ndipo simuona kusiyana kulikonse. Ana ambiri amakodwa apa, n'kulengeza kuti apeza no parallax pegi isanasunthe n'komwe.

Mukasuntha moyenera muona mzere uja ukuthyoka. Singano yakunja ikutsata mutu wanu. Ndiye kuti ili kutali ndi diso kuposa chithunzi cha yamkati, ngakhale zonse zili pa msinkhu umodzi. Umenewu ndiwo umboni woti chithunzi chakwera.

Tsopano kwezani pegi kwambiri dala, mpaka pafupi ndi pamwamba pa madzi. Sunthaninso mutu. Singano yakunja ikuthawa mutu. Yayandikira kwambiri. Mwaona mbali zonse ziwiri, ndipo yankho lili pakati pake. Ndimaumirira kuti mwana aone kaye kuthyoka kwakukulu kumeneku, chifukwa amene sanakuone sadziwa chomwe akusaka pamene kuthyokako kwachepa.

Bwererani pansi. Kwezani pegi sentimita imodzi imodzi, ndipo nthawi iliyonse chotsani dzanja, dikirani madzi adekhe, sunthani mutu. Ikatsata mutu, kwezani. Mudzafika pomwe simukuonanso kuthyoka. Lembani nambala imeneyo, koma musasangalale msanga. Pitani pamwamba, muyambe kutsitsa pang'onopang'ono mpaka kuthawa kuja kutasiya, mulembenso nambala. Manambala awiriwa kawirikawiri safanana. Pali kachigawo ka theka la sentimita, mwina sentimita yathunthu, komwe diso silitha kusiyanitsa. Tengani pakati pake. Mukabwera kuchokera mbali imodzi yokha, mudzaima msanga nthawi zonse, ndipo mayankho anu onse adzapendekera mbali imodzi.

Zinthu zitatu zimaononga gawo limeneli. Choyamba, kutsegula maso onse awiri: ubongo umasakaniza zithunzi ziwiri ndipo mumaona zomwe mukufuna kuona. Chachiwiri, kugwedeza mutu kwambiri. Masentimita anayi kapena asanu mbali iliyonse akwanira. Mukapita kutali mwayamba kuyang'ana mopendekera, chithunzi chimakweranso, ndipo palibe malo a pegi omwe angakukhutiritseni. Chachitatu, kuyang'anitsitsa nsonga. Pafupi ndi khoma madzi ndi opindika, ndiye nsonga ya singano yamkati imaoneka yokhota ndi yovina. Yang'anani thupi la singano, sentimita imodzi kapena ziwiri kuchokera kukhoma, muone ngati likulozana ndi thupi la inzake. N'chifukwa chake ndinati singano zikhale zazitali.

Ngati muli awiri, mmodzi aziyang'ana, wina azisuntha pegi osatchula nambala. Woyang'ana azingoti "kwezani", "tsitsani", "basi pomwepo". Mwana amene akudziwa kale kuti yankho liyenera kukhala 18 amaona no parallax pa 18 ngakhale kulibe.

7. Werengetsani

Tinene kuti pegi yaima pa 7.0. Kuya kumayezedwa kuchokera pamwamba pa madzi kutsika, choncho kuya kooneka ndi 25.0 kuchotsa 7.0, masentimita 18.0. Gawani 24.0 ndi 18.0, mupeza 1.33. Nambala imeneyi ilibe masentimita kapena china chilichonse kumapeto kwake, ndipo mwana akalemba "1.33 cm" amataya malikisi.

Musadandaule mukapeza 1.30 kapena 1.37. Kuphonya ndi theka la sentimita lokha kumabweretsa manambala amenewa: 24 kugawa ndi 18.5 ndi 1.30, pomwe 24 kugawa ndi 17.5 ndi 1.37. Kwa ine, mwana wobweretsa 1.37 yoyeza yekha ndi wodalirika kuposa wobweretsa 1.33 yosalala pa mzere uliwonse wa tebulo lake.

Yankho likatalikira kwambiri, nambalayo imaulula yokha pomwe palakwika. Mukapeza 0.75, mwatembenuza fomula, ndipo kumbukirani kuti n wa madzi kapena galasi sangachepere 1. Mukapeza 4, mwagawa ndi mtunda womwe chithunzi chakwera, 6 uja wa pakati pa 1.0 ndi 7.0, m'malo mwa kuya kooneka. Mukapeza 1.0, mwina munaviika rula m'madzi, mwina munasuntha mutu motsata singano. Mukapeza 1.5 kapena 1.6, munkayang'ana chammbali.

8. Bwerezani ndi madzi ochepa

Tapaniko madzi ndi kapu, osasuntha chigubu kapena rula, muyezenso pa kuya kwa masentimita 20, 16 ndi 12. Muyembekezere manambala oyandikira 15, 12 ndi 9. Pansi pa masentimita 10 musavutike, kuthyoka kumachepa kwambiri ndipo khoma la chigubu limayamba kukutchingani. Jambulani graph, kuya kwenikweni kukhale pa mzere woimirira, kuya kooneka pa mzere wogona. Mfundo zanu zikhale pafupi ndi mzere wowongoka wodutsa pa 0, ndipo gradient yake, kutanthauza kupendekera kwa mzerewo, ndiye n. Potenga gradient gwiritsani ntchito malo awiri otalikirana a pa mzere womwe mwajambula, osati mfundo ziwiri za mu tebulo.

9. Njira ya kalilole

Masukulu ena amaphunzitsa njira iyi, ndiye ndi bwino mwana aidziwe. Amagoneka kalilole wamng'ono pakamwa pa chotengera, woyang'ana kumwamba, wophimba theka lokha. Singano yachiwiri imakhala m'mwamba, pamwamba pa kalilole. Chithunzi chake mu kalilole chimakhala pansi pa kalilole ndi mtunda wofanana ndi womwe singanoyo ili pamwamba. Mumaikweza ndi kuitsitsa mpaka chithunzi cha mu kalilole ndi chithunzi cha m'madzi zitayendera limodzi. Msampha uli pa kampata ka pakati pa kalilole ndi madzi. Singano ikakhala masentimita 21 pamwamba pa kalilole, ndipo madzi ali masentimita 3 pansi pa kalilole, kuya kooneka ndi 18, osati 21.

10. Galasi ndi zinthu zina zoonekera mkati

Kusukulu akakupatsani chidutswa cha galasi chamakona anayi, jambulani mzere wa inki papepala, muimikepo galasilo chammbali kuti muziyang'ana kudutsa mbali yake yokhuthala, ndipo mzerewo utulukire kunja pang'ono. Kuchokera pamwamba muona gawo la pansi pa galasi litakwera. Singano ya pa pegi muigwiritse ntchito monga kale. Galasi la masentimita 6.0 limaonetsa mzere pa kuya kwa pafupifupi 4.0, ndiye n ndi 1.5. Galasi la pawindo ndi lopyapyala kwambiri pa njira imeneyi. Ana a A Level amayeza zopyapyala ndi chida chotchedwa travelling microscope.

Manambala oti muwadziwe ndi awa: mpweya 1.00, ayezi 1.31, madzi 1.33, mafuta ophikira pafupifupi 1.47, pulasitiki yoonekera mkati ya Perspex 1.49, galasi wamba cha m'ma 1.5, diamondi 2.42. Nambala ikakula, pansi pamakwera kwambiri. Madzi osungunuliramo shuga wambiri amakhala ndi n wokwererapo. Mafuta ophikira mukhoza kuwayeza m'kabotolo kakang'ono kowongoka ngati mayi a m'nyumba alola, zomwe ndikukayika ndi mitengo ya masiku ano. Akalola, ponyanimonso kachidutswa ka galasi la Pyrex, lija lopirira kutentha: n wake ndi pafupifupi wofanana ndi wa mafutawo, kuwala sikupinda pamalire ake, ndipo kamaoneka ngati kasowa.

Wina amafunsa kuti nanga bwanji tikayang'ana pawindo zinthu sizioneka zokhota. Mbali ziwiri za galasi la pawindo ndi zolingana, ndiye kuwala kumapinda polowa n'kupindanso mobweza potuluka. Kumangosunthira pambali pang'ono, kolowera n'komwe kuja.

Pomwe fomula imathera mphamvu

Mabuku ambiri sanena momveka kuti fomula ija imagwira ntchito pokhapokha mukuyang'ana molunjika pansi kapena pafupi ndi pamenepo. Mukapendekera madigiri 10 kuchokera ku normal, kusiyana kwake ndi kochepa moti rula yanu siingakuone. Pa madigiri 30, kuya kooneka kumatsika kufika cha m'ma 0.7 a kuya kwenikweni m'malo mwa 0.75. Pa madigiri 60 kumakhala theka kapena kucheperapo. Mukapendekera kwambiri, pansi pamaoneka ngati pali pafupi ndi pamwamba penipeni.

Izi zili ndi ntchito kunja kwa mayeso. Dziwe losambiramo lakuya mamita 2 limaoneka ngati la mita imodzi ndi theka mukaima m'mphepete n'kuyang'ana pa mapazi anu. Mukaponya maso kutsidya, mbali yakutaliyo imaoneka yosaya kuposa pomwe mwaima, ngakhale kuti mwina ndi komwe kuli kozama. Mwana wotalika mita imodzi ndi masentimita 40 amaona pansi ngati pomufika pachifuwa, pomwe madziwo ndi omumiza. Ku Lake Chivero, pafupi ndi Harare, madzi ndi obiriwira, pansi sipaoneka, ndiye munthu amaopa yekha. Oopsa ndi madzi oyera oonetsa mwala uliwonse: maiwe osambiramo, maenje okumbamo miyala ndi mchenga omwe amadzaza m'dzinja, ndi nyanja yakwathu ija ana obadwira kuno akapita kukaona agogo ku Mangochi kapena ku Nkhotakota pa Khirisimasi. Auzeni kuti kuya kwa madzi kumayezedwa ndi ndodo.

Obaya nsomba ndi mkondo anazidziwa kale popanda buku: amalasa kunsi kwa pomwe akuionera nsombayo. Ndipo kwa nsomba zinthu zimatembenuka. Mbalame yomwe ili mamita 3 pamwamba pa madzi, nsomba yoyang'ana molunjika m'mwamba imaiona ngati ili pa mamita 4, chifukwa apa timachulukitsa ndi n m'malo mogawa.

Pojambula ndi powerengetsa pa mayeso

Chojambula cha kuya kooneka chili ndi malikisi osavuta, koma ana amawataya motere. Amajambula mivi yochokera ku diso kupita ku chinthu, pomwe kuwala kumachoka ku chinthu kubwera ku diso. Amajambula mzere umodzi wokha, pomwe pamafunika iwiri kuti ikumane. Amaiwala normal pomwe mzere uliwonse ukutulukira. Amapinditsa mzere wotuluka m'madzi kulowera ku normal m'malo mouchotsa kutali. Ndipo mizere yobwerera m'mbuyo kukafika pa chithunzi amaijambula yathunthu, pomwe iyenera kukhala yodukizadukiza chifukwa kuwala sikunadutsemo.

Pa mafunso a ngodya, yang'anani kaye kuti kakyuleta ili pa DEG, kutanthauza madigiri. Yesani sin 30: ikakupatsani 0.5 zili bwino. Kuwala kolowa m'madzi pa madigiri 30 kuchokera ku normal kumapita pa madigiri 22 mkatimo, ndipo m'galasi la 1.5 pa 19.5. Funso likakupatsani ngodya yoyezedwa kuchokera pamwamba pa galasi, monga 60, ichotseni pa 90 kaye.

Funso lomwe limagwetsa ngakhale ana anzeru ndi la zinthu ziwiri zosanjikizana. Tinene kuti kadontho ka inki kali pansi pa galasi lokhuthala masentimita 3, ndipo pamwamba pa galasilo pali madzi a masentimita 8. Musaphatikize 3 ndi 8 n'kugawa ndi n mmodzi. Chilichonse chigawidwe ndi n wake: madzi 8 kugawa ndi 1.33 ndi 6, galasi 3 kugawa ndi 1.5 ndi 2. Kadonthoko kaoneka masentimita 8 pansi pa madzi m'malo mwa 11, ndipo kakwera ndi masentimita 3. Werengani funso kawiri muone ngati akufuna kuya kooneka kapena mtunda womwe chithunzi chakwera.

Mwana ayese ili yekha musanamuonetse yankho: thanki ya madzi ikuoneka yakuya masentimita 90 mukasuzumira pachivindikiro molunjika pansi. Madziwo ndi akuya bwanji? Akagawa 90 ndi 1.33 n'kupeza 68, mufunseni ngati madzi angakhale osaya kuposa mmene akuonekera. Ayenera kuchulukitsa, ndipo yankho ndi pafupifupi masentimita 120.